Oilo Wakuda wa ku Chigayo

Lolemba

Dilamu ladzaza! Ndaviikamo nsungwi m'mawa uno, ndaiimika pambali panga: oilo akufika m'chiuno mwanga ndendende, pomwe pali mzere wa penti. Ndavina pang'ono ndekha m'sitolo, pakati pa matumba. Wandiona ndi khoswe yekha.

Ndilembe bwino zonse, kuti ndikadzakalamba ndidzakumbukire kuti ndinali munthu wanzeru.

Ine ndine wogula zinthu wa kopaletivu yathu kuno ku Mpanshya. Malamba a chigayo, girisi, ulusi wosokera matumba, zonse zimadutsa m'manja mwanga, n'chifukwa chake anthu anaiwala dzina langa, amangoti ba Sitolo. Injini ya chigayo ikudwala. Ikutsokomola, ikufuka utsi wakuda, ikafika pakati pa thumba imayamba yaima ngati ikuganiza. Ba Njovu, amene amaiyendetsa, akuti ndi pampu ya dizilo, ndipo Loweruka ifika ngati tikuipempherera.

Ba Tcheyamani ankafuna tiitaye, tikagule ina kwa mlamu wawo ku Chongwe. Tinagulako kale ziwiri kwa mlamu ameneyo. Zonse zili gone kuseri kwa sitolo, ina nkhuku ikuikiramo mazira. Ine ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti iyayi, chitsulo sitimataya, timakonza. Ndinapeza kampani ina ya ku Lusaka imene imazungulira ndi lole kukonza mainjini akale. Pampu abweretsa okha, kumanga amanga okha, pamtengo woti kopaletivu ingakwanitse. Lamulo lawo ndi limodzi basi: tiwapatse dilamu lodzaza oilo wakale, wakuda uja, akamuyeretse agwirenso ntchito m'malo mothera m'nthaka. Dilamu likapanda kudzaza, pampu ibwerera nawo. Afika Loweruka likubwerali, ndipo kuno akadutsa adutsa, kubweranso ndi mvula ikayamba.

Manja ambiri anakwera mbali yanga. Ba Tcheyamani anangoti, "Tiona."

Kuyambira mvula yapita ija ndakhala ndikusonkha. Wa chigayo, wa thirakitala, wa makina opukusira chimanga, wina wopempha kwa madalaivala kumsewu waukulu. Dilamu ndinalibisa kuseri kwa matumba a feteleza, osauza munthu kupatula woyendetsa injini.

Chifukwa chake ndikuvutikira:
1. Mtsinje. Kale oilo tinkangothira m'ngalande. Madzi anayamba kuoneka utawaleza pamwamba, repu ya m'madimba akumunsi inapsa ili chiimire.
2. Kuseri kwa sitolo kulibenso malo a injini yachitatu.
3. Amama.

Chachitatucho ndiye chenicheni. Amama anatilera ndi munsi, kusinjira anthu chimanga, malipiro ake gaga. Manja awo tsopano anapindika ndi nyamakazi, ngakhale kumanga mpango amaitana ine. Tsiku limene chigayo chinayamba kulira ndinagubuduza mtondo wawo, n'kukauvundikira kuseri kwa khitchini, ndinawauza kuti munsi simudzaugwiranso ine ndili moyo. Ndinanena mokweza, anthu akumva.

Masana ine ndi ba Njovu tagubuduza dilamu kulitulutsa pakhonde, kuti Loweruka lisadzativute. Azimayi ali pamzere ndi chimanga chawo, ndiye ndati bwanji ndiwaphunzitseko. Ndatsegula chivindikiro, ndawaonetsa. Ndafotokoza za nthaka, za madzi, za ana athu. Zii, palibe wotsokomola. Sindinamvedwepo chonchi chibadwire! Ngakhale Amama, ali khale pathumba lawo, amangogwedeza mutu.

Pobwerera akana kuti ndiwanyamulire kathumba kawo ka m'manja. Ukalamba ndi makani.

Za mlungu uno: kupukuta dilamu, kusesa pomwe lole idzaime, kuchapa chitenje cha kopaletivu, kukonzekera mawu oti ndidzanene Ba Tcheyamani akadzandipepesa.

Lachiwiri

Sindinkadziwa kuti ndili ndi abale ambiri chonchi. Dzuwa lisanakwere pakhonde padzaza, aliyense kabotolo wabisa kumbuyo. Dzulo lija sankamvera ine. Ankayang'ana dilamu.

Odzapempha lero:
- Ba Tembo. Mawilo a ngolo akulira mpaka ng'ombe zikuchita manyazi.
- Aphunzitsi a masewera. Mizere ya bwalo la mpira yafufutika.
- Amake Mercy. Za kuchimbudzi. Kukubwera anthu ochokera ku Kabwe kudzafunsira mwana wawo, safuna ukwati uthere pafungo.
- Mkulu wa kwaya. Mizati ya chisakasa chophunziriramo nyimbo, chiswe chafika pakati.
- Bambo wina amene sindikumudziwa. Sananene chifukwa, wangoti wamva.

Onse ndawakaniza. Ndabwerezanso za mtsinje, za madimba, za Loweruka. Onse akuvomera, zoona ba Sitolo, mwalankhula ba Sitolo, koma palibe wosuntha phazi. Ba Tembo afunsa ngati anthu a ku Lusaka alibe oilo wawo kuti mpaka adzatenge wathu. Mkulu wa kwaya wati chisakasa chikagwera ma alto mlandu ndi wanga.

Ndili nji. Ndikudzimva ngati chulu.

Masana ndapita kumsika kukagula loko. Ndasiya ba Njovu, ndawalumbiritsa. Ndasankha loko yaikulu, yolemera. Ndabwera nayo, ndazungulira dilamu kawiri. Dilamu lilibe pokolowekapo loko. Ili m'thumba mwanga, ikundikoka chitenje.

Madzulo ndaviika nsungwi. Pantchafu!

Ba Njovu akuti iwo sanapatse munthu, ndipo ndikuwakhulupirira, chifukwa munthu uja kunama sadziwa. Chachitika n'chakuti nditangochoka anaona apongozi awo akubwera panjira, chigubu m'manja. Monga mwamuna woleredwa bwino, anavula chipewa, n'kuzungulira kuseri kwa chigayo, n'kuima kuyang'ana khoma mpaka apongozi adutse.

"Manje nikanachita bwanji, ba Sitolo? Niwayang'ane kumaso?"

Ndafunsa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Akuti apongozi sufulumizitsa. Ndiye kuti apongoziwo anabwera ndi ang'ono awo ndi akulu awo, amene onse kwa ba Njovu ndi apongozi. Ndipo kumbuyo kwa mzere wa apongozi kunali Ba Tembo, aphunzitsi, amake Mercy, kwaya, ndi bambo wosadziwika uja. Ba Njovu amangomva phokoso la fanelo ali chiyang'anire khoma.

Ndinafuna kukalipa, koma ndiwakalipira chiyani? Ulemu? Ndangowauza kuti avale chipewa chawo.

Kuchokera m'chiuno kufika pantchafu si patali. Ndikhoza kubwezera. Mawa ku Chinyunyu.

Lachitatu

Dilamu labwerera m'sitolo. Loko yapeza ntchito pachitseko. Malamulo a kopaletivu amati kiyi wina akhale ndi Ba Tcheyamani, ndiye ndawapatsa ndikuwayang'ana m'maso. Ati ndisade nkhawa, aliyang'anira ngati mwana wawo.

Minibasi. Chigubu chopanda kanthu pamiyendo, nkhuku ya munthu wina pamapazi. Ndatsikira ku Chinyunyu, pafupi ndi madzi otentha paja, pomwe madalaivala amaima kugula tomato ndi kukonza matayala. Anthu omwewa miyezi yonseyi ankandipatsa oilo akuseka, kumati mayi uyu ndi wamisala, amasonkha zonyansa.

Lero palibe akuseka. Nkhani yafika kale, ndipo panjira yanenepa. Akuti ku Mpanshya kukubwera azungu kudzagula oilo wakuda ndi madola. Wina akuti amapangira mankhwala a ndege. Aliyense wakhalira chigubu chake. Ndalumbira kuti palibe mzungu, palibe dola, pali pampu chabe. Wokonza matayala wanditsinzinira diso, wati nayenso akanakhala ine akananena choncho.

Ba Eluda okha, dalaivala amene amalalikira minibasi ikudzaza, ndiwo andimvera chisoni. Asanjika manja pachigubu changa, apemphera kuti chisefukire, mpaka ogulitsa tomato ayankha ameni. Kenako andipatsa kabotolo ka oilo, kakang'ono ngati ka mankhwala a chifuwa. Ndathokoza ndi mtima wonse. Zoona, ndathokoza.

Pobwerera chitseko cha minibasi chakana kutsekeka. Kondakitala wamenya, wakankha ndi phewa, chakana. Dalaivala wati chitseko chili chotsegula sanyamuka, kutsogoloko kuli apolisi. Kondakitala waona kabotolo kanga. Minibasi yonse yatembenuka kundiyang'ana, mpaka mwana wa kumsana. Dzuwa likuswa mtengo.

Chitseko chikutsekeka bwino kwambiri tsopano. Kondakitala wandibwezera botolo.

Ndikufika pafupi ndi sitolo, nkhumba za Ba Tcheyamani zikudutsa msewu. Zakuda bii, zikunyezimira kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Dzulo zinali zotuwa ndi mphere, zikudzikanda pamitengo. Lero zikuyenda ngati zikupita kuukwati.

Ndawapeza pakhomo pawo akusamba m'manja ndi phulusa. Sanakane n'komwe.

"Ba Sitolo, nkhumba nazonso ni chilengedwe."

Ndangotembenuka n'kubwerera kusitolo. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti nkhumbazo zaleka kudzikanda.

Nsungwi: pabondo.

Usiwa anthu amaubisa m'mitima, koma ndikuuona. Botolo la oilo watsopano palibe angagule kuti apakire mtengo. Mankhwala a chiswe ali ku Chongwe, a mphere ali ku Chongwe, zonse zili ku Chongwe. Pano pali dilamu langa.

Amama afunsa ngati ndadya. Ndati ndilibe njala. Ati njala ilibe ntchito ndi dilamu, ndidye.

Lachinayi

Kiyi ndalanda. Ba Tcheyamani apereka mosavuta, nkhumba anatha kale kuzipaka.

Lero ndikulikhalira. Ndikulemba izi ndili pamwamba pa dilamu, miyendo ili lende. Wofuna oilo ayambe wanyamula ine. Maganizo anga ndi akuti makanika akadzaona kuti lafika pabondo, ndidzamugwadira, ndidzalonjeza kuti wotsalayo tidzatumiza pabasi. Bondo si chiuno, koma ndi chinthu.

M'mawa wonse ndakaniza anthu osatsegula n'kamwa momwe, kungopukusa mutu. Injini ikulira ngati munthu wokalamba akukwera phiri. Ba Njovu akuisisita pamsana.

Ndiye kwabwera amake Joyce.

Aima pakhomo, osalowa. Awomba m'manja pang'onopang'ono. Amuna awo, malemu Ba Sakala, ndiwo ankayendetsa injini iyi ba Njovu asanabwere, kuyambira tsiku limene inatsitsidwa palole. Ankaitcha mkazi wamng'ono. Anamwalira mvula yapitayi ili pakati, ndipo oilo woyamba amene ali pansi penipeni pa dilamu ili anathiramo ndi iwo, ndi manja awo, akundiseka kuti ba Sitolo mwayamba ufiti.

Amake Joyce sanatchule oilo. Afunsa za Amama, za manja awo. Afunsa ngati injini ikudya bwino. Kenako anena kuti mtanda wa pamanda chiswe chaudya mpaka wagwa chafufumimba, dzina silikuwerengekanso. Achimwene a malemu asema wina wa mukwa, akaudzala Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi. Koma chiswe cha kumanda kuja sichiopa mukwa.

Atulutsa kakapu ka pulasitiki kosweka chogwirira.

"Kakapu chabe, mwana wanga. Kuti dzina likhaleko."

Ndatsika. Ndatsika ndekha, palibe wandinyamula. Kakapu ndakakana, ndatenga chigubu changa cha ku Chinyunyu, chopemphereredwa chija, ndathira mpaka pakhosi. Misozi ikugwera pafanelo. Ndikudziwa bwino lomwe kuti oiloyu athera m'nthaka, ndinaphunzitsa ndine. Ndawasenzetsa ndekha.

Cholakwa changa n'chakuti ndawaperekeza mpaka pamsewu, anthu akuona.

Sindinkadziwa kuti m'dera lino tili ndi akufa ambiri chonchi. Pofika masana mzere wafika pamjigo. Aliyense ali ndi mtanda. Ena akulira zenizeni, ndipo akufa awo ndikuwadziwa, ndinaphika nawo pamaliro. Ena akuyesetsa. Ba Tembo abweranso, akuti agogo awo aamuna anawalota akudandaula. Ndawafunsa ngati agogowo ali ndi mawilo. Koma ndingapatse bwanji wamasiye mmodzi n'kumana mnzake, onse atavala zakuda, onse akundiitana mwana wanga?

Nsungwi: kunsi kwa kakolo.

Sindikudandaula za amake Joyce. Atabweranso mawa ndingathirenso. Ichi ndiye chikundiopsa.

Lachisanu

Yafa.

Dzuwa lili pamutu, chimanga cha amake Mercy chili m'kati, injini yatsokomola kawiri, yapuma mpweya wautali, zii. Ba Njovu apukusa chogwirira mpaka thukuta kutsika m'zigongono. Aisisita, aitchula maina abwino, aitchula maina ena. Palibe. Loweruka yalephera ndi tsiku limodzi lokha.

Bata lake ndi loopsa. Ndikumva mbuzi za kutsidya.

Azimayi asenzanso matumba awo. Chigayo china chili kutali, wopanda njinga safika ndi thumba pamutu. Palibe wandinena. Bola akanandinena.

Komiti yakumana pansi pa mtengo. Mfundo zatuluka:
- Kukhetsa oilo wa m'injini yakufayi. Tachita. Watuluka wochepa, theka anali atapsa kale.
- Kukhetsa wa m'mainjini a mlamu aja. M'modzi mwatuluka dzimbiri ndi buluzi. M'inayo nkhuku yandijompha.
- Kupempha anthu abweze.
- Ba Tcheyamani: mlamu wawo ali ndi foni. Koma ndalama palibe mpaka chimanga chigulidwe, ndipo nawonso akudziwa.

Ndayenda khomo ndi khomo ndi ndowa. Manyazi ake! Paliponse andilandira bwino, andipatsa mpando, andionetsa komwe oilo anapita. Miyendo ya nkhokwe, bii. Zitseko za makola, bii. Matcheni a njinga. Mpini wa khasu. Denga la chimbudzi. Mudzi wonse wapakidwa ngati ukupita kunkhondo, ndipo kunena zoona sunaonekepo wosamalika chonchi.

Aliyense mawu ake ndi amodzi: ine ninatengako pang'ono chabe. Ndipo sakunama. Palibe anatenga wambiri. Palibe ankaganiza kuti kabotolo kake ndiko kangaimitse chigayo. Amake Mercy agwira pakamwa, ati akanadziwa bola alendo akanangopirira. Apongozi a ba Njovu atumiza mwana wawo wamkazi kudzapepesa, poti iwo sangafike pomwe pali mkamwini.

Zobwezedwa:
- Botolo limodzi, losakaniza ndi palafini.
- Supuni zingapo zokokota m'zitini.
- Sanza yonyowa, akuti ndifinye.
- Ba Tcheyamani akuti ngati ndikufuna ndikapale nkhumba.

Amake Joyce abwera ndi chigubu chija, chotsala theka. Ndawabweza nacho. Chimenecho ayi.

Zonse pamodzi: pakakolo, ndikaponda bwino.

Kiyi ndasiyira ba Njovu kuti oilo wa m'injini apitirize kudontha m'beseni, akatha athire m'dilamu. Ndawauza kuti asachite china chilichonse. Ndabwereza. Ati amva.

Kunyumba ufa watsala wa mawa ndi mkuja. Amama akuotha manja padzuwa la madzulo, kuwatembenuza uku ndi uku.

Loweruka

M'mawa ndaviika nsungwi kuti ndidziwe kukula kwa manyazi anga. Yatuluka yakuda mpaka m'chiuno!

Ndakhala pansi. Ndaganiza za Ba Eluda ndi pemphero lawo, ndatsala pang'ono kusintha mpingo. Kenako ndaona kuti pansi panyowa. Kanjira konyowa kuchokera pakhomo la sitolo mpaka pamjigo. Ndipo panja paima azimayi, nkhata zonyowa m'manja, akumwetulira ngati anthu amene akubisira mwana mphatso. Amake Mercy, a kwaya, apongozi patali pang'ono. Ba Tembo ndi ngolo yawo yosalira, migolo ili pamwamba.

Ba Njovu andinong'oneza kuti oilo amayandama, madzi amakhala pansi, munthu wa ku Lusaka angoyang'ana pamwamba. Akuti anthu anadzuka okha mbandakucha, palibe anawatuma. Aliyense ndowa imodzi, kubweza zimene anatenga.

Ndimafuna kulira, ndimafuna kuwamenya ndi nsungwi, ndimafuna kuwakumbatira. Sindinachite chilichonse, chifukwa lole yalira pamsewu.

Makanika ndi mtsikana. Ovololo ya buluu, tsitsi lomangidwa, moni wake waulemu. Pampando wa lole pali katoni. Waitsegula kutionetsa: pampu, yokulungidwa m'pepala la mafuta. Ndaigwira ndi chala. Yozizira.

Wafunsa ngati dilamu lili bwino. Mulungu andikhululukire, ndakhala chete. Mudzi wonse wakhala chete nane.

Iye alibe nsungwi. Watenga kapaipi koonekera m'kati, wakalowetsa mpaka pansi, watseka kumwamba ndi chala chachikulu, wakweza. Pamwamba kachidutswa kakuda. Kunsi konse mbee, madzi oti ungatsukire mbale. Wakayang'ana padzuwa nthawi yaitali.

"Mjigo wanu uli ndi madzi abwino maningi," watero.

Palibe waseka, kupatula iye mwini, pang'ono. Sanakwiye. Akuti kumene wachokera anamuthirira mchenga, kwina manyuchi. Ndamuuza zonse, apongozi, nkhumba, mtanda. Pa za mtanda wayang'ana pansi, wati kwawonso amatero. Wakwera pachulu kufuna netiweki, waimbira abwana ake, ife tili m'munsi makosi m'mwamba. Walankhula nthawi yaitali, dzanja likupempha ngati abwanawo akumuona. Watsika pang'onopang'ono, ndipo tadziwa asananene.

Lamulo ndi lamulo. Akatisiyira ife, mawa aliyense adzathira madzi. Oilo wosakanizika chonchi sangamutenge. Ndipo, wawonjeza mondimvera chisoni, madziwo tisawatayire pansi, awononga nthaka. Ndati ndikudziwa, ndinaphunzitsa ndine.

Ndiye tsopano ndili ndi dilamu lodzaza mpaka m'chiuno, loti sindingapereke, sindingataye, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe akulifuna.

Watsuka sefa ya injini mwaulere, wamangitsa lamba, wati mvula ikayamba adzadutsa, tidzayesenso. Katoni waiika pampando, waimanga lamba ngati munthu. Ana athamangira lole mpaka pamlatho.

Ba Tcheyamani sananene kuti "ndinakuuzani." Andipatsa nzimbe. Bola akananena.

Lamulungu

Misa. Chisakasa cha kwaya chili chilili, mizati ikunyezimira, ma alto ali moyo. Pabwalo la mpira mizere ikuoneka kuchokera kumsewu. Mvula yoyamba ikadzagwa zonsezi zidzatsikira kumtsinje, ndipo ndidzaona utawaleza wanga ukudutsa pamadimba. Ndaganiza zimenezi nthawi ya ulaliki, sindinamve kanthu.

Titatuluka ndapita nawo kumanda. Mtanda wa Ba Sakala waima, wakuda bii, dzina analemba ndi penti yoyera. Likuwerengeka uli patali. Amake Joyce andigwira dzanja. Chinthu chimodzi chokha mlungu uno chafika pomwe chimayenera kufika.

Pobwerera ndikumva mawu amene ndinawaiwala. Du, du, du. Kwa amake Mercy. Du, du, kwa Ba Tembo. Kutsidya nakonso. Tsiku la Mulungu anthu sasinja, koma ufa sudziwa masiku.

Ndikuyandikira kwathu, du. Kenako kanthawi. Du. Wapang'onopang'ono, wopumira.

Amama autulutsa. Augubuduza okha kuchokera kuseri kwa khitchini, auimika pansi pa mango. Munsi augwira ndi zikhato, poti zala sizipindika, akukweza mpaka pachifuwa basi. Mtima wanga wasweka. Ndinalonjeza mokweza, anthu akumva.

Ndayang'ana mtondo. Zaka zonsezi uli pansi, ndimayesa chiswe chinaumaliza. Wathunthu. Ndipo tsinde lake lonse lakuda bii, lonyezimira, fungo lake ndikulidziwa ngati la mwana wanga.

Ndafunsa kuti anatenga liti. Ati Lolemba, nditangomaliza kuphunzitsa, pomwe ndinapita kukasamba m'manja. Kachitini kamodzi, m'kathumba kaja.

"Unalankhula bwino, mwanawe, ndinanyadira. Koma nditaona mmene anthu akuliyang'anira dilamu lija, ndinati mtondo tiufuna."

Ndiye woyamba kutenga anali iwo. Ndafuna kunena za nthaka, za madzi, za ana athu. Ndayang'ana manja awo.

Dilamu lina lilipo m'sitolo, lopanda kanthu. Lidzakhala kuseri kwa feteleza, ndipo sindidzaphunzitsa munthu.

Ndawalanda munsi, ndawauza akhale pamthunzi azipeta. Ndi wolemera kuposa mmene ndinkaukumbukirira.